3x10, 1RM, DOMS ndi creatine: zomwe onyamula zitsulo amatanthauza

Wowerenga wina wandilembera imelo yotere: "Ndangoyamba kumene kunyamula zitsulo. Ndondomeko yomwe ndinaipeza pa intaneti yalembedwa kuti squat 3x10, 70% 1RM, RIR 2, ndipo sindikutolapo kanthu. Ntchafu zikundiwawa kwambiri, anzanga ku jimu akuti ndi DOMS yobwera ndi lactic acid. Wina akuti ndigule whey, BCAA ndi creatine. Zonsezi n'chiyani, nanga zofunikadi ndi ziti?"

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Tiyambe ndi mzere wa manambalawo, poti ndi umene muzikumana nawo tsiku lililonse.

Rep ndi kunyamula kamodzi kwathunthu. Pa squat ndiye kuti mwatsika ngati mukufuna kunjuta, chitsulo chili pamapewa, n'kudzukanso. Set ndi ma rep angapo ochita motsatizana osapumira. Choncho 3x10 ndi ma set 3, iliyonse ya ma rep 10, ndipo pakati pake mumapuma mphindi ziwiri kapena zitatu. 1RM ndi katundu wolemera kwambiri amene mungathe kumunyamula kamodzi kokha osapotoza thupi. Ngati 1RM yanu ya squat ndi makilogalamu 60, ndiye kuti 70% yake ndi makilogalamu 42. Koma inu poti ndinu woyamba, chonde musayese dala kufufuza 1RM yanu panopa. Apa ndi pamene RIR imathandiza: RIR 2 ikutanthauza kuti muime pamene mukumva kuti mukanatha kuwonjezera ma rep awiri okha. Sankhani chitsulo chimene chikukufikitsani pamenepo pa rep ya 10, basi. Kulimbana nacho mpaka chikane kukwera ndi kumene amati failure, ndipo pa squat sikofunika.

3x10 imeneyi ili ndi mbiri yake. Dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, yemwe nayenso anali wonyamula zitsulo, ankathandiza asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anaona kuti odwala amene ankanyamula katundu wolemera, n'kumamuwonjezera pang'onopang'ono, ankapezanso mphamvu msanga. Analemba zimenezi mu 1945, ndipo mu 1948 iye ndi Arthur Watkins anafupikitsa njirayo kukhala ma set 3 a ma rep 10. Mfundo yawoyo ndi imene lero imatchedwa progressive overload, ndipo pa mawu onse amene mungamve ku jimu, awa ndi amene ndikufuna muwagwiritsitse. Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera. Sabata ino mwanyamula makilogalamu 40 ka 8, sabata yamawa yesani ka 9, kenako ka 10, mukatero wonjezerani makilogalamu 2.5 n'kuyambanso pa 8. Kukula kwa mnofu kotereku ndiko hypertrophy: timinofu ting'onoting'ono ta mkati timanenepa, ndipo zimenezi zimachitika mukamapuma ndi kugona, osati pamene muli pansi pa chitsulo. Muzilemba m'kope zimene mwanyamula tsiku lililonse. Wosalemba amatha miyezi akunyamula katundu yemweyo, n'kumadabwa kuti thupi silikusintha.

Mudzamvanso za compound ndi isolation. Masewera a compound amayendetsa mfundo zingapo za mafupa nthawi imodzi, monga squat, deadlift, bench press ndi pull-up. Isolation imayendetsa mfundo imodzi, monga curl imene imangopinda chigongono. Mayina a minofu asakuopseni. Quads ndi minofu inayi ya kutsogolo kwa ntchafu, hamstrings ndi itatu ya kumbuyo kwake, glutes ndi ya m'matako, pecs ndi ya pachifuwa, delts ndi ya m'mapewa, lats ndi ija yotambalala m'mbali mwa msana. Anyamata ambiri amathera nthawi pa biceps chifukwa ndi imene imaoneka pagalasi, chonsecho gawo lalikulu la mkono wa kumtunda ndi triceps, imene ili kumbuyo. Dziwaninso kuti tendon imalumikiza mnofu ku fupa, pamene ligament imalumikiza fupa ku fupa linzake. Ziwirizi zimachedwa kulimba poyerekeza ndi minofu, n'chifukwa chake wothamangira zitsulo zolemera amayamba kudandaula chigongono kapena bondo, minofu ili bwinobwino.

Tsopano za ntchafu zanuzo. Anzanu alondola dzina koma aphonya chifukwa chake. DOMS ndi kuwawa kwa minofu kumene kumabwera mochedwa, ndipo kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72 mutachita masewera amene thupi silinawazolowere. Lactic acid, amene mnofu umatulutsa pogwira ntchito yolemetsa, alibe mlandu apa, chifukwa amakhala atachoka m'magazi pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chimene chimayambitsa kwambiri ululuwu ndi gawo lotsitsa chitsulo, pamene mnofu ukutalika uku ukulimbana ndi katundu. Gawo limeneli ndi eccentric, lokweza ndi concentric, ndipo kugwira osasuntha, monga pa plank (kutsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi thupi litawongoka), ndi isometric. Ululu wa DOMS umachepa thupi likazolowera, ndipo kuchepako sikutanthauza kuti masewera asiya kugwira ntchito. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: mukaona kuti mnofu watupa kwambiri, ululu ndi wosapiririka, ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amenewo akhoza kukhala matenda a rhabdomyolysis, pamene mnofu wowonongeka umatulutsira zinthu m'magazi zimene zimapweteka impso.

Pa zakudya, macros ndi magulu atatu: mapuloteni, ma carbs amene ndi zakudya zopatsa mphamvu, ndi mafuta. Galamu imodzi ya puloteni kapena ya carbs imapereka makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 4, ya mafuta 9. Bulking ndi kudya makalori ochulukirapo kuposa amene thupi likugwiritsa ntchito kuti minofu ikule, cutting ndi kuwachepetsa kuti mafuta asungunuke minofu ioneke. Inu musavutike nazo ziwirizi m'miyezi yoyamba. Nambala yoti muisunge ndi iyi: magalamu pafupifupi 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 akufunika magalamu 112, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, ndiye mutha kuona kuti pamafunika kudya mokonzekera.

Whey ndi puloteni ya mumkaka, yochokera m'madzi otsala popanga tchizi, youmitsidwa kukhala ufa. Ndi chakudya chabe. Ngati mukukwanitsa puloteni yanu ndi chakudya cha masiku onse, simukuifuna. BCAA ndi ma amino acid (tizigawo topanga puloteni) atatu, leucine, isoleucine ndi valine, mwa 9 amene thupi silingathe kupanga lokha. Onse atatuwa ali kale m'puloteni imene mukudya, choncho ine ndimaona kuti kugula BCAA ndi kutaya ndalama. Pa zitatu zimene mwatchulazo, creatine monohydrate ndi imene yafufuzidwa kwambiri. Thupi limaipanga lokha m'chiwindi ndi m'impso, imapezekanso m'nyama ndi m'nsomba, ndipo imathandiza mnofu kubwezeretsa mphamvu mwachangu pa ntchito yaifupi yolemetsa. Mlingo wake ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku. Sikelo ikhoza kukwera pang'ono poyamba chifukwa minofu imasunga madzi. Amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa dokotala.

Creatine si steroid. Koma tsiku lina wina adzakuyandikirani n'kukunong'onezani za gear, juice kapena cycle. Ameneyo akunena ma anabolic steroid, mankhwala otsanzira testosterone (homoni yachimuna), a jakisoni kapena mapiritsi. Amakulitsadi minofu mofulumira, koma amakweza BP, amawononga mtima ndi chiwindi, amafotetsa machende, amachepetsa mphamvu yobereka, ndipo amatha kumeretsa mawere kwa mwamuna. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu mwachinyengo pa dziko lonse, linawaletsa m'mipikisano ya masewera. Akakuuzani zimenezo mukane, achimwene, ngakhale wokuuzaniyo atakhala mphunzitsi wanu wa ku jimu.