Kuyamwitsa khanda dzanja limodzi likugwira zina

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe watilembera pa imelo. Ali ndi khanda la milungu isanu ndiponso mwana wa zaka ziwiri, ndipo akuti: "Akangoyamba kuyamwa manja anga onse amagwidwa. Mkulu wake akulira, foni ikuitana, ine ndangokhala. Ndikachotsa dzanja limodzi mwana amatsetsereka, nsonga ya bere n'kumandipweteka. Nditani?"

Mayi, zimatheka ndithu. Khanda limayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, ndiye simungakhale womangika nthawi yonseyo miyezi isanu ndi umodzi yoyamwitsa mwakathithi. Koma dzanja limamasuka pokhapokha thupi la mwana likatsamira pa chinthu china osati pa mkono wanu. Mwana wanu akutsetsereka chifukwa dzanja lomwe mukuchotsalo ndi lomwe lamunyamula.

Poyamba pafunika manja awiri, ndipo apa musachite changu. Mimba ya mwana igunde mimba yanu, khutu, phewa ndi chiuno chake zikhale mumzere umodzi, mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga ya bere. Dzanja lina ligwire m'mapewa ndi m'munsi mwa khosi, osati pankhongo, chifukwa mukakankha mutu mwana amaukankhira kumbuyo. Linalo lichirikize bere, chala chachikulu pamwamba, zinayi pansi, kutali ndi mbali yakuda yozungulira nsonga ija. Akayasamula kwambiri m'bweretseni ku bere, musaweramire inu kwa iye. Wagwira bwino ngati chibwano chake chakhudza bere, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ikuoneka yambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Mumva akumeza, masaya ali odzaza, osaphwa. Dikirani ameze kangapo, kenako chotsani dzanja la ku bere pang'onopang'ono.

Kwa wa milungu isanu, njira yomwe timaikonda koposa ndi yotsamira. Khalani pabedi kapena pamkeka, msana kukhoma, mapilo awiri kumbuyo kwanu, mutsamire ngati munthu amene akupumula, osagona chagada. Mwana agone pachifuwa panu, mimba yake pa yanu, miyendo italozera kumiyendo yanu. Kulemera kwake komwe ndi kumene kumamumatiza pa bere, ndiye mkono umodzi umangomutchinga kuti asagubuduke, winawo uli womasuka. Mkulu wake akhoza kukhala pambali panu, n'kumamusisita kapena kumudyetsa nthochi. Njirayi imathandizanso ngati mkaka umatuluka mwamphamvu mpaka mwana kutsamwa.

Mukakhala pampando, mwana afike pamsinkhu wa bere. Pilo wofewa amaphwa pakangopita mphindi zochepa, mwana n'kutsika, n'kumakoka nsonga yokha, ndipo apa ndi pomwe zilonda zimayambira. Pindani bulangete kanayi, kapena zitenje zitatu pamodzi, muike pamiyendo, ndipo mapazi mupondetse pa kampando kapena njerwa kuti maondo akwere. Ngati mabere ndi aakulu, kulungani kathaulo kakang'ono muike pansi pa bere, kagwire ntchito ya dzanja lanu. Amene anachira kudzera pa opareshoni agoneke mwana m'khwapa, miyendo italozera kumbuyo, pilo ali pambali, kuti bala lisapanikizike.

Chitenje nacho chimathandiza, koma apa tikuchenjezani kwambiri. Mwana wosakwana miyezi inayi khosi lake silinalimbe. Mukamusunthira kutsogolo, masulani mfundo pang'ono kuti atsike kufika pa bere, mkono umodzi ukhalebe ukuchirikiza mutu ndi msana wake. Nkhope yake izioneka nthawi zonse, yosaphimbidwa ndi nsalu kapena bere. Chibwano chisagwere pachifuwa chake, pakhale mpata wolowa chala, chifukwa khosi likapindika njira ya mpweya imachepa ndipo khanda limatha kubanika mwakachetechete, osalira n'komwe. Akangomaliza m'kwezeni, mutu ufike poti mukhoza kuupsompsona, mumangenso chitenje cholimba. Wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, funsani kaye anamwino a ku kangaru, komwe amasamalira ana otere kuchipatala, musanayese zimenezi.

Dzanja lomasukalo ndi la kapu ya madzi, foni, chakudya chozizira ndi mwana wamkulu uja. Si la mbaula, poto wa phala kapena tiyi wotentha. Khungu la khanda ndi lopyapyala, limapsa msanga, ndiye nsima idikire kapena wina avundule. Musanakhale pansi, ikani pafupi zonse zomwe mufune, mbali ya dzanja lomwe limasuke. Mukamva tulo musakhale pa sofa, chifukwa mwana amatha kulowa pakati pa inu ndi makushoni. Pitani pabedi, mugone chammbali, mapilo ndi mabulangete zili kutali ndi nkhope yake.

Pali chizolowezi china chomwe chimamanga dzanja popanda chifukwa: kukanikiza bere ndi chala kuti mphuno ya mwana ipume, kapena kulipana pakati pa zala ziwiri. Kutero kumasolola nsonga m'kamwa ndipo kumatchinga mkaka. Mphuno ikamira, kokerani matako a mwana kwa inu, mutu upendekera wokha kumbuyo, mphuno n'kutuluka. Akatsetsereka, musamukoke pa bere. Lowetsani kachala koyera pakona ya kamwa, asiye, muyambirenso ndi manja awiri. Ndipo muzisinthasintha mabere. Amayi ambiri amakondera bere lakumanzere pofuna kumasula dzanja lamanja, bere lakumanjalo n'kudzadza mpaka kulimba.

Muziwerenga matewera: mwana amene akukhuta amakodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo mzere wa m'buku la sikelo umakwera. Nsonga zikang'ambika, bere likatupa n'kufiira mbali ina, kapena thupi likatentha ndi kuphwanya ngati malungo, musasiye kuyamwitsa. Pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha Area 25 kapena ku Bwaila, ndipo pemphani anamwino akuoneni mukuyamwitsa kuyambira pomwe mwana akugwira bere.