Tsamba lakhala zaka 20, kodi ndiye kuti palibe choopa?

FUNSO: Ndili ndi kashopu pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, momwe ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi kukonza makadi a ukwati. Mphwanga anandiikira Microsoft Office ndi Photoshop zaulere kuchokera pa tsamba la pa intaneti la The Pirate Bay. Akuti tsambali lakhala zaka zoposa 20, ndiye ndi lodalirika. Koma chiikireni zimenezi kompyuta ikungokwawa, bandulo nayo sikuchedwa kutha. Kodi mnyamatayu akunena zoona? — Wa ku Kapata

YANKHO: Achimwene, pa zaka mphwanu sananame. The Pirate Bay inayamba ku Sweden mu 2003. Apolisi analanda makina ake mu 2006, koma patangopita masiku atatu tsamba linali litabwerera. Mu 2009 khoti la ku Stockholm linagamula anthu anayi okhudzidwa ndi tsambali kukakhala kundende chaka chimodzi ndi kulipira makorona (ndalama za ku Sweden) 30 miliyoni. Linatsekedwanso kumapeto kwa 2014, n'kudzukanso. Masamba anzake ndiwo anagwa: KickassTorrents mu 2016, RARBG mu 2023.

Chinsinsi chake n'chakuti tsambali silisunga pulogalamu ngakhale imodzi. Lili ngati ng'wang'wazi pasiteshoni, amene amangokulozerani basi koma sadziwa ngati mabuleki akugwira. Photoshop yanuyo inabwera zidutswazidutswa kuchokera m'makompyuta a anthu ena kudzera mu BitTorrent, njira yogawirana mafailo pa intaneti, ndipo amene anaiika pamenepo simudzamudziwa. Kukhalitsa kwa tsamba kukungosonyeza kuti eni ake amadziwa kubisala, basi.

Bandulo yanu ndikuganiza kuti ikupita kumeneko. Pulogalamu ya BitTorrent ija ikakhala yotsegula, kompyuta yanu imatumizanso zidutswa zija kwa anthu ena, kaya ku Brazil kaya ku India, ndi makwacha anu.

Za kukwawazo ndiye zikundidetsa nkhawa. Mufunseni mphwanu ngati anazimitsa antivirus poika crack, kapulogalamu kothyola loko kuti pulogalamu yogula igwire ntchito mwaulere. Ndikhulupirira ayamba wayang'ana pansi. M'ma crack ambiri amabisamo tizilombo, tina toba mapasiwedi, tina togwiritsa kompyuta yanu ntchito yokumbira ena ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto inu muli mtulo. Kumbukirani kuti m'makina mwanumo mumadutsa ma NRC ndi masatifiketi a anthu, ndipo flash iliyonse yolowa mmenemo ikhoza kubwerera kwawo itanyamula mlendo. Lamulo loletsa kukopera zinthu za eni popanda chilolezo nalo lilipo, Copyright and Performance Rights Act ya 1994, ndipo inu zinthu izi mukuchitira malonda poyera.

Sungani mafailo anu pena, mufufute zonse, muike Windows mwatsopano. Potaipa makalata tengani LibreOffice, pa zithunzi GIMP. Zonsezi n'zaulere mwalamulo, koma muzitenge patsamba la eni ake. Ine LibreOffice inandizunguza mutu sabata yoyamba, ndipo nthawi zina kalata yochokera mu Word imasuntha mizere. Muziiyang'ana kaye musanasindikize, makamaka ikakhala CV.

Mphwanuyo musamukalipire kwambiri. Ndiye amene akuthandizeni kufufuta Loweruka lino.