Kontena yanga inagona masiku 43 ku Beira

Achimwene, mwafunsa kuti geni yoitanitsa katundu kunja imayenda bwanji, ndiponso doko labwino ndi liti pakati pa Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Loyambalo aliyense wa mu Limbe atha kukuuzani. La madokolo ndi limene landikhazika pansi, chifukwa ndili nacho chipsera.

Ine ndinayamba ndi zikwama ziwiri zamizeremizere zija, pa basi ya ku Dar, kukaoda zitenje ku Kariakoo, kugona pa Songwe udzudzu ukundidya. Lero ndimatsitsa makontena a matailosi ochokera ku Foshan, ku China, ndili ndi mashopu awiri, ndipo pakutha pa mwezi anyamata asanu ndi awiri amalandira kwa ine. Palibe mwamuna kapena wandale anandigwira dzanja. Ndikamalankhula muzimva.

Anthu amaganiza kuti poti tilibe nyanja yamchere ndiye kuti timapempha njira pakhomo pa eni. Sitipempha, timalipira, ndipo timalipira madola. Madoko amenewa amatilimbirana ife, amalimbirana kopa wa ku Zambia ndi ku Congo, mafuta a ku Zimbabwe odutsa m'paipi ya ku Feruka, feteleza, fodya wathu, tiyi, shuga, nandolo. Doko likayamba chibwana katundu amasamuka osatsanzika. Ine ndinasamukapo kawiri.

Beira ndi pafupi, makilomita 800 ndi kanthu kuchokera ku Blantyre. Thiraki imatuluka padoko, Dondo, Inchope, Chimoio, kukhota pa Vanduzi, Catandica, Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zóbuè, Mwanza, yafika. Koma doko lake lili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo mtsinjewo tsiku lililonse umabweretsa matope. Akangolekerera kukumba, sitima zikuluzikulu zimadikira kuti madzi akwere kaye. N'chifukwa chake nthawi zambiri katundu wa ku China amayamba watsitsidwa padoko lina n'kukwezedwa sitima yaying'ono. Ejenti wa ku China akakuuzani kuti masiku akutiakuti afika, inu onjezani masabata anu mumtima, ndipo wokupatsani ngongole musamuuze tsiku limene mwauzidwalo.

Ndinalakwitsa pomwepo mu 2019. Inali kontena yanga yoyamba ya ndekha, ya mafiti 20, yodzaza matailosi. Kale ndinkaphatikiza ndi anzanga, wina mapaleti atatu, wina asanu. Ulendo umenewu ndinati ndakula. Banki mkhonde inandipatsa yake, sinakwane, yotsalayo ndinatenga katapila n'kupinyolitsa pepala la puloti yanga ya ku Machinjiri. Wakatapilayo ndinamulonjeza kutha kwa Malichi.

Kontena inatsika kumayambiriro kwa Malichi. Ndinavina m'shopu. Patapita masiku atatu ejenti wanga wa kumeneko, amene sindimutchula, anati pali kavuto kakang'ono: kulemera kolembedwa pa bill of lading (chikalata cha katundu wako chimene eni sitima amapereka) kukusiyana ndi kolembedwa pa manifest (mndandanda wa katundu yense wa m'sitimamo), ndiye pafunika kukonza. Anati mawa zitheka. Mawa linafika, anati bwana wosayina wapita kumaliro. Tsiku linalo anati makina agwa. Masiku aulere amene eni kontena amakupatsa anali kutha ngati mchere wa m'nyumba ya alendo ambiri, ine ndili phee kukhulupirira munthu amene ndinali ndisanamuonepo nkhope. Pambuyo pake ndinadzamva kuti pepalalo anali asanalipereke n'komwe. Ankathamangitsa makontena khumi a kampani ina yaikulu, yanga imodzi anaiika pansi pa mulu.

Usiku wa pa 14 Malichi namondwe wa Idai anagwera Beira.

Foni ya ejenti inangoti zii. Magetsi kulibe, netiweki kulibe, msewu waukulu wolowera mu Beira, wa EN6, madzi anaudula. Kwathu kuno anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anali kale m'misasa chifukwa cha madzi osefukira, mayi anga omwe anali pasukulu ina ndi mphasa imodzi. Masana ndinkalira za mayi, usiku za kontena, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa m'kontenamo munali nyumba ya ana anga. Msewu utangotseguka ndinapempha dalaivala wina wa ku Ndirande kuti anditenge. Tinadutsa Nhamatanda, Tica, madzi akadali mbali zonse ziwiri, ng'ombe zakufa zitatupa m'mbali mwa msewu, anthu atakhala pamtunda ndi timitolo pamutu. Ku Munhava, pafupi ndi doko, malata anapindika ngati mapepala, ena atakolekeka m'mitengo. Mayi wina anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki yong'aluka, ndipo atamva ndikuyankha m'Chisena cha mayi anga anandigwira dzanja n'kundiperekeza yekha mpaka kuofesi imene ndinkafuna. Chipwitikizi changa ndi cha moni basi. Chisena ndicho chinandiyendetsa mu Beira.

Ndinene zoona, dokolo linadzuka msanga kuposa tauni. Pasanathe masiku ambiri zonyamulira makontena zinali zikugwira ntchito, ndipo anthu amene anachita zimenezo ndimawavulira ulemu mpaka lero. Kontena yanga ndinaiona ndi maso, yofiira, ili pamzere wachiwiri, loko ali bwinobwino. Ndinaika chikhatho pachitsulopo, chinali chotentha ndi dzuwa. Katundu wanga, ndalama zanga, koma sindikanatha kutulutsa ngakhale bokosi limodzi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tsiku limenelo ndinawamva.

Ndipo musasokoneze zinthu ziwiri izi, achimwene, poti ambiri amagwera pomwepa. Storage ndi ya doko, mukulipira malo amene kontena yakhalapo. Demurrage ndi ya eni kontena, mukulipira bokosi lawolo, ndipo ngakhale mutatuluka pageti wotchi yawo siima kufikira mutawabwezera lopanda kanthu kumene anakuuzani. Zonse ndi madola. Ndinakhala pabenchi ya ofesi ina masiku anayi, ndi kalata yopempha kuti masiku a namondwe asawerengedwe. Anandichotsera ena, ena anakana, akuti vuto la mapepala linayamba mphepo isanabwere. Sananame. Ndinagulitsa galimoto yanga ya Sienta pafoni, pamtengo wogulitsa munthu amene akumira.

Tsiku la 43 inatuluka. Ndinkayesa ndathana nazo. Pasikelo ina anati thiraki yalemera mbali ya kumbuyo, chifukwa matailosi ndi miyala ndipo opakira anaunjika mbali imodzi. Ndalama. Kenako pachipata china, sinditchula kuti mbali iti, ndinakumana ndi mkulu uja amene nkhope yake sindidzaiiwala. Anatenga invoisi yanga ndi zala ziwiri ngati yanyowa ndi zonyansa, n'kunena kuti, “Mayi, mtengo uwu ndi wabodza.” Ndinamuonetsa pepala la kubanki, ndinamuonetsa mauthenga a pa WeChat a wondigulitsa. Sanayang'ane. Anakweza mtengo mmene anafunira yekha, kenako n'kunditumizira kamnyamata kunja kudzandinong'oneza kuti bwana atha kuonanso bwino ndikawaganizira. Munthu wolandira malipiro kuchokera ku msonkho wanga womwewo, atakhala pampando wofewa, kuyeza misozi ya mzimayi amene wagona m'thiraki sabata yathunthu! Sindinamupatse. Ndinalemba kalata yodandaula, thiraki inagona masiku ena atatu, dalaivala akundiwerengera ya kudikira tsiku ndi tsiku. Mtengo unabwerera pafupi ndi wanga. Ndinaluza ndalama zoposa zimene ankafunazo, ndipo ndikanachitanso chimodzimodzi lero. Alipo ena abwino pazipatapo, mmodzi anandigulirapo nsima, koma mmodzi woipa amawononga msewu wonse kuyambira padoko.

Puloti ndinaiombola patatha miyezi 14. Ndi pomwe pali nyumba imene ndikulemberamo izi.

Akuluakulu akamakamba pa wailesi za kukweza doko amatchula zonyamulira zatsopano ndi kuzama kwa madzi. Zofunika ndithu. Koma ine ndimawerenga masiku, kuyambira pamene sitima yaima mpaka pamene anyamata anga adula loko mu Limbe. Tsiku lotayika pa desiki ya munthu, pasikelo, pa rodibuloko kapena pamlatho, kwa ine lonse ndi la dokolo. Mu 2016, nthawi ya mfuti za Renamo, mathiraki ankayenda pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali pakati pa Vanduzi ndi Changara, ena anatenthedwa. Padoko panalibe vuto lililonse, koma tonse tinayamba kufunsa mitengo ya ku Dar. Kumapeto kwa 2024, ndi zipolowe za chisankho zija, zinabweranso zomwezo. Akulu athu anaziona kale m'zaka za m'ma 1980, nkhondo itadula njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Malawi Cargo Centre ya ku Dar ndi ya ku Mbeya, malo ofikira katundu wa ku Malawi m'dziko la Tanzania, zinabadwa chifukwa cha zimenezo.

Nacala madzi ake ndi ozama mwachilengedwe, safuna kukumba ngati Beira. Analikonza ndi ndalama za ku Japan, ndipo mu Okutobala 2023 a Nyusi, a Chakwera ndi a Hichilema anakalitsegulira limodzi. Njanji ilipo, kudzera Nayuchi, Liwonde, Nkaya. Koma njanji imeneyo anaikonza poganizira malasha a ku Moatize, ndipo iwe wa kontena imodzi uzidziwa kuti suli patsogolo. Wa feteleza wodzaza mabogi ambiri ndiye amasangalala nayo. Ndinayesako kamodzi, katundu anafika wosasweka ngakhale bokosi limodzi, zimene pamsewu wa Tete sizichitika, koma ndinadikira. Njanji ya ku Sena yodzera ku Marka ndi Bangula ikanamayenda mpaka Limbe monga kale, bwenzi tikukamba zina. Za doko la Nsanje la a Bingu, limene tinaliombera m'manja mu 2010, mtima umandiwawa ndikadutsapo popita kwa mayi.

Dar ndi kutali kwa ife a kummwera, koma wa ku Mzuzu kapena ku Karonga asavutike n'kuganiza za Beira. Sitima zimafikako zambiri, ndipo chilowereni DP World, kampani ya ku Dubai yoyendetsa madoko, m'mbali ina ya dokolo aliyense akuyang'ana ngati mzere wa sitima uchepe. A Beira ndi a Nacala akudziwa zimenezo.

Mwafunsanso za mpamba? Chiwerengero sindikupatsani, chifukwa cha lero mawa n'chabodza. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anzanga amene katundu wawo anali panyanja anadzuka ngongole itakula iwo ali mtulo. Ngati mulibe madola apadera okhala pambali, oti simuwakhudza ngakhale kubwere maliro, yambani ndi kuphatikiza mapaleti ndi anzanu. Ejenti mukamuone kuofesi kwake, mudziwe pamene amakhala, mufunse madalaivala a ku Malawi ogona panja pa geti kuti amamudziwa bwanji, iwowo sabisa. Masiku aulere mukambirane katundu asanakwere sitima, ndipo alembedwe papepala, za pakamwa ayi. Bill of lading isanasindikizidwe muiwerenge chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala, muifananize ndi packing list, mndandanda wa zimene zapakiridwa. Ine ndimawerenga katatu, kenako ndimapatsa mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 kuti awerenge mokweza ine ndikutsatira ndi chala.

Kontena yanga ina ili panyanja panopa, ndipo ikudzera ku Beira komweko, poti ejenti amene ndili naye tsopano ndi mzimayi wa ku Dondo amene amandiyankha foni ngakhale pakati pa usiku. Ya mwezi wa Febuluwale ndi Malichi yokha ndiyo sindidutsitsanso kumeneko.