Musaime pa 1870, mayi

Mayi wina wandilembera imelo. Amuna awo ndi Mmereka wakuda, ana akufunsa za makolo awo, koma kufufuza kwathera pa chaka cha 1870. Akuti, "Kodi tingosiya?" Ayi mayi, musasiye. Pamene mwaimapo inenso ndinaimapo zaka ziwiri.

Apongozi anga aakazi asanamwalire anandipatsa Baibulo lothothoka chikuto. Patsamba loyamba panali mayina a inki yofiirira, pamwamba penipeni dzina la agogo a bambo awo, lopanda chaka chobadwa, pambali pake mawu amodzi okha: Georgia, dzina la chigawo china cha dziko la America. M'kalembera wa anthu wa ku America wa 1880 ndinawapeza ndi akazi awo ndi ana. Mu 1870 analimonso, wolima m'munda wa ena, zaka 40, wosadziwa kulemba. Kubwerera m'mbuyo, zii.

Kalembera wa 1870 ndiye woyamba kulemba mayina a anthu amene anali akapolo. Mu 1850 ndi 1860 ankalemba dzina la mbuye wawo, pansi pake n'kundandalika zaka, mwamuna kapena mkazi, ndi khungu, basi. Usiku wina ndinakhala pakompyuta kuyang'ana mzere umodzi: zaka 30, mwamuna, wakuda. Kodi ndi iwowa? Misozi inangotsika yokha.

Kwathu ku Dedza agogo anga ankatchula mbumba yonse pamtima, uyu anabala uyu, uyu anakwatiwa kwa Aphiri, mpaka moto kuzima. Kuno ku America anthu anachita kulandidwa zimenezo, mwana kugulitsidwa mayi ake akuona. N'chifukwa chake zimandipsetsa mtima anthu akamangokopera mndandanda wa makolo pa intaneti. Msuweni wa amuna anga anatilumikiza ku banja lina la ku Virginia chifukwa choti dzina likufanana, abale n'kuyamba kugawana pa Facebook. Kumeneko n'kumulanda munthu dzina kachiwiri. Za DNA nazo musaziike mtima kwambiri. Zikuuzani chigawo cha Africa, koma sizikuuzani amene anamubereka kumsana.

Ine agogo aja ndinawapeza m'mapepala a chuma cha masiye cha mzungu wina amene anali ndi munda m'dera lomwelo. Atamwalira, khoti linawerengetsa katundu wake: ng'ombe, makasu, mabedi, kenako dzina loyamba la agogo athu ndi mtengo wawo m'madola. Pamwamba pawo panali dzina la mayi wachikulire, lomwe lija iwo anadzapatsa mwana wawo wamkazi woyamba. Mumtima mwanga sindikayika kuti anali mayi awo.

Poyambira

Bwererani ku 1870 muone azungu oyandikana nawo, makamaka eni minda, poti mwina mmodzi mwa iwo ndiye anali mbuye wawo, ngakhale si onse omasulidwa anatenga dzina la mbuye wawo. Fufuzani mapepala a Freedmen's Bureau, ofesi ya boma yothandiza akapolo omasulidwa imene inagwira ntchito kuyambira 1865 mpaka 1872 ndipo inasunga mapangano a ntchito ndi maukwati. Mabuku a Freedman's Bank, banki ya akapolo omasulidwa, nthawi zambiri amatchula makolo ndi abale a wosunga ndalama. Zambiri mwa izi zili pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira makolo, kwaulere. Ngati kholo lanulo linamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America, itanitsani fayilo ya penshoni ku National Archives, kosungira mapepala akale a boma. Kalembera wa 1890 musataye naye nthawi, pafupifupi yense anawonongeka pa moto wa mu 1921.

Koma musanatsegule kompyuta, pitani kwa azakhali aakulu a amuna anu sabata ino, foni ili m'manja, muwajambule mawu. Muwafunse kumene kuli manda akale ndi tchalitchi chimene ankapemphera.