Rothschildianum ndi sanderianum: kusiyana kwake ndi nkhani ya mapepala

Mayi wina amene amasunga maluwa ku Johannesburg atilembera imelo. Apeza munthu pa Facebook akugulitsa Paphiopedilum rothschildianum ndi Paphiopedilum sanderianum, maluwa aja a banja la orchid okhala ndi kathumba konga nsapato, koma onse sanamasule. Akufunsa kusiyana kwake, komanso ngati kugula kulibe mlandu.

Amayi, duwa lisanatuluke musadzinamize. Onse awiri masamba ake ndi obiriwira, okhuthala, opanda mawanga. Likamasula ndiye zimaonekeratu. Rothschildianum amatambasula timasamba tiwiri ta m'mbali ngati mapiko, tili ndi mizere yofiira moderako. Sanderianum amatilendeweretsa pansi, topotanapotana, mwina kufika pafupifupi mita yathunthu. Palinso Prince Edward of York, wobadwa mwa awiriwa, amene analembetsedwa mu 1898. Ali wamng'ono amanamiza ngakhale akatswiri.

Kwawo ndi pa chilumba cha Borneo, mbali ya dziko la Malaysia, koma nthaka yake ndi yosiyana. Rothschildianum amamera pa phiri la Kinabalu ku Sabah, pa nthaka yochokera ku mwala wotchedwa serpentine. Sanderianum amakakamira pa matanthwe a laimu ku Gunung Mulu ku Sarawak, ndipo anasowa kwa zaka zambiri mpaka anapezekanso mu 1978. Chifukwa cha laimuyo, mumphika wake timasakaniza makungwa ndi supuni imodzi ya zigoba za nkhono zosinja. Onse awiri alibe posungira madzi ngati ma orchid ena, choncho mizu isaume gwa. Koma madzi akagona pakati pa masamba usiku, mtima wa chomera umawola.

Bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linawaika onse m'gulu la zomera zotsala pang'ono kutheratu, ndipo ma Paphiopedilum onse ali mu Appendix I, mndandanda wa zotetezedwa kwambiri wa CITES, pangano la mayiko pa malonda a zomera ndi nyama zakutchire: wozulidwa kutchire sagulitsidwa kudutsa malire. Amene amadziwa momwe chikanda, chomwenso ndi cha banja la orchid, chikutheramo pa Nyika samadabwa nazo. Wokumba amatenga ndi muzu womwe.

Funsani wogulitsayo chilolezo cha CITES ndi dzina la nazale imene inafesa mbewuzo m'botolo. Kenako yang'anitsitsani chomeracho. Chakutchire chimakhala ndi mizu yoduka kapena yophwatalala mbali imodzi chifukwa inakakamira pamwala, masamba odyedwa ndi tizilombo, ndere pamwamba pake. Cha ku nazale mizu yake imazungulira molingana ndi mphika. Ndipo chomera chachikulu cha mphukira zisanu chikamagulitsidwa pa mtengo wa mbande, chisiyeni, pakuti kuchokera pa mbewu kufika pamenepo pamadutsa zaka zambiri.