Kodi voti ya munthu wa m'komboni imalemera mofanana ndi ya bwana?

Mayi wina wa ku Navutika, komboni ya ku Chipata m'Zambia, wogulitsa tomato pamsika, watilembera imelo. Akuti wavota katatu konse, koma mvula ikagwa madzi amalowabe m'nyumba, ndipo msewu wa kwawo ngakhale akabaza amaukana. Funso lake ndi lakuti: “Kodi voti yanga imawerengedwa mofanana ndi ya mabwana a ku Kalongwezi, kapena ndingoleka?”

Amayi, m'bokosi muja mapepala onse ndi ofanana. Powerenga palibe amene angadziwe kuti ili ndi la wogulitsa tomato, ilo ndi la bwana. Tsankho limachitika bokosi lisanafike, ndiponso litachoka.

Tiyambe ndi reji, chitupa cha unzika. Imatengedwa munthu akakwanitsa zaka 16, kuvota ndi zaka 18, ndipo pa tsiku la masankho pamafunika reji yobiriwira pamodzi ndi khadi yovotera. Chimodzi chikasowa mumabwezedwa. Mwana wamasiye, kapena amene makolo ake ali kumudzi, amavutika kupeza wachibale womuchitira umboni potenga reji, ndiye zaka zimangopita. Vuto lina ndi kusamukasamuka kwa anthu a lendi. Munthu amavota pamalo pomwe analembetsa basi. Analembetsa ali ku Mchini, lero ali ku Magazine kapena anapita kukalima ku Chipangali, osasintha malo ku ECZ, bungwe loyendetsa masankho, nthawi ya kalembera. Tsikulo likafika, ya basi palibe. Tsiku la masankho ndi holide, inde, koma holide ndi ya olandira malipiro a pamwezi. Waganyu akaima pamzere maola anayi, madzulo ana amagona ndi njala.

Kuleka ndiko kungakupwetekeni kwambiri. Phungu ndi khansala amapambana ndi mavoti ochuluka chabe, ngakhale kusiyana kukhale voti imodzi; pulezidenti yekha ndiye amafunika kupitirira theka. Ndipo zotsatira zimalengezedwa malo ovotera aliwonse paokha. Andale amazisunga zimenezi. Amadziwa kuti pasukulu yakuti analembetsa angati, anabwera angati. Komboni yomwe anthu amalembetsa ochepa nabwera ochepa saiopa, amangoitumizira zitenje ndi ma T-shirt kampeni ikayamba. Za zitenjezo: kugula voti ndi mlandu m'lamulo la masankho la 2016, ndipo amene wakupatsani sangaone pomwe mwachonga.

Pa tsikulo malo amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo, koma amene ali kale pamzere amavota ndithu. Mapepala ndi anayi: la pulezidenti, la phungu, la meya ndi la khansala. Ikani X mmodzi pa pepala lililonse. Mukachonga anthu awiri, kapena mukalemba dzina lanu, pepalalo limatayidwa. Gogo wosaona bwino kapena wosadziwa kuwerenga ali ndi ufulu wothandizidwa ndi munthu amene wamusankha yekha, osati amene achipani amusankhira. Kuwerenga kumachitikira pomwepo, oimira zipani akuona, ndipo zotsatira zimalembedwa pa fomu ya GEN 20, kusainidwa, n'kumatidwa panja. Ijambuleni pa foni. Wopikisana wosauka amagwa apa, chifukwa alibe ndalama yodyetsa omuimira pamalo onse usiku wonse.

Tsopano za madzi olowa m'nyumba aja. Anthu ambiri amakangana za pulezidenti, pepala la khansala n'kulichonga mwachisawawa, chonsecho ngalande, mjigo ndi chimbudzi cha pamsika zimayambira ku wadi. Ndalama ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, inali K1.6 miliyoni pa konstityuwense iliyonse mu 2021, inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Gawo lalikulu ndi la ntchito za chitukuko, lotsala ndi la mabasale a ana asukulu ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata. Koma ndalamayi siyendera kuona amene akuvutika kwambiri, imatsata pempho lolembedwa. Pempho limachokera kumsonkhano wa zoni (kadera ka m'wadi), n'kupita ku komiti ya chitukuko ya wadi, yomwe ambiri amangoti WDC, kenako ku komiti ya CDF ya konstityuwense. Misonkhano imeneyi ikaitanidwa m'mawa pakati pa sabata, amapitako ndi opuma pantchito ndi a mabizinesi, inu muli pa tomato. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Chochita ndi ichi. Funsani kwa khansala kapena ku khonsolo dzina la woimira zoni yanu mu WDC ndi tsiku la msonkhano. Gwirizanani anthu khumi a pamsika, muzisinthana: awiri apite, otsala awagulitsire. Pempho likhale la chinthu chimodzi chodziwika, osati “tikufuna chitukuko”. Lembani kuti ngalande kuchokera pakuti kufika pakuti, mamita angati, nyumba zingati zimene madzi amalowa, ndi zithunzi za mwezi wa January. Sainani nonse, sungani kope yodindidwa tsiku limene mwapereka. Gulu la amayi lofuna thandizo liyenera kukhala lolembetsedwa ndi akaunti ya kubanki; mapempho ambiri a m'komboni amafera pamenepa, ntchitoyo ili yabwinobwino.

Pali kupanda chilungamo kwina komwe inu nokha simungakonze. CDF imaperekedwa mofanana ku konstityuwense iliyonse, kaya ili ndi anthu ambirimbiri ngati ya m'tauni, kaya ochepa, choncho m'makomboni odzaza munthu mmodzi zimamufika zochepa. Ndiponso kuyambira 2016 wofuna ukhansala amafunika satifiketi ya Grade 12, lamulo lomwe, m'kuona kwathu, limatsekera kunja amayi ambiri odziwa mavuto a dera lawo kuposa ophunzirawo. Ofuna voti yanu akadzafika pamsika, afunseni za ziwirizi, ndipo muwaonetse kope ya pempho lanu la ngalande ndi deti lake.