Passive kapena active cooling: yambani mwayeza chinyezi

Mwafunsa ngati hiti pampu yanu (makina ofunditsa nyumba) yotenga kutentha m'nthaka muiikire passive kapena active cooling (njira ziwiri zoziziritsira nyumba), poti nyumbayo ili kale ndi mapaipi a madzi m'simenti ya pansi. Nkhaniyi yagona pawiri: kuzizira kwa nthaka yakwanuko ndi chinyezi cha m'nyumba.

Pa passive, kompulesa imakhala chete. Madzi osakaniza ndi glycol (mankhwala oletsa madzi kuundana) ochokera m'dzenje lobowola amadutsa mu plate heat exchanger (chipangizo chosamutsa kutentha popanda kusakaniza madzi) n'kulanda kutentha kwa madzi a m'nyumba. Mufunika exchanger imeneyo, valavu ya njira zitatu, valavu yosakanizira madzi ndi sensa ya chinyezi. Magetsi amangodyedwa ndi mapampu oyendetsa madzi basi. Komanso kutentha kumene mukutsitsira m'dzenjemo kudzakuthandizani nyengo yozizira ikafika.

Koma pansi kupitirira mamita 10 mpaka 15, nthaka imatentha mofanana ndi avareji ya chaka chonse ya deralo. Ikakhala madigiri 10 kapena 12 Celsius, passive iyenda bwino. Ikafika 20, musawononge ndalama. Mapaipi oyalidwa chopingasa pa mita imodzi ndi theka nawo amafunda chilimwe chikamapita, ndiye amafooka nthawi imene mukuwafuna kwambiri.

Pamene ambiri amagwa m'pa mame. Chipinda chikakhala pa madigiri 26 ndi chinyezi cha 60 peresenti, mame amagwira chilichonse chozizira kuposa madigiri 17.6. Chinyezi chikakwera kufika 70 peresenti, malirewo amafika pa 20. N'chifukwa chake madzi olowa m'simenti ya pansi sayenera kutsika kuposa madigiri 18, ndipo sensa izikweza kutentha kwa madziwo chinyezi chikachuluka. Mukanyalanyaza, matailosi amaterera, matabwa amafufuma, nkhungu imamera pansi pa kapeti. Ndi malire amenewa, simenti imachotsa mawati 20 mpaka 40 pa sikweya mita, chipinda n'kutsika ndi madigiri awiri kapena atatu. Chinyezi sichichoka m'pang'ono pomwe, ndipo m'malo achinyontho mudzamvabe thupi likumata ngakhale pansi pali pozizira.

Active imatembenuza makina ndi valavu ya njira zinayi, kompulesa n'kutulutsa madzi a madigiri 7. Madzi oterowo musawalowetse m'simenti. Malo ake ndi ma fan coil (timakina touzira mpweya pa mapaipi ozizira) okhala ndi kapaipi kotayira madzi a mame, ndipo apa m'pamene mpweya umauma. Dziwaninso kuti dzenje lizilandira kutentha kwa nyumba kuphatikiza kwa kompulesa, choncho wobowola awerengere kutalika kwake poganizira zimenezi, kupanda apo nthaka imafunda chaka ndi chaka.

Njira iliyonse imene mungasankhe, kulungani mapaipi ozizira ndi thanki ndi labala wosalowa mpweya, mumate bwino molumikizira. Tsekani mzere wa mapaipi a pansi wa kubafa. Onetsetsani kuti ma thermostat (tizipangizo towongolera kutentha kwa chipinda) amadziwa kuziziritsa, chifukwa ena amatseka valavu chipinda chikatentha. Ma radiator wamba asiyeni, saziziritsa kanthu.

Malangizo anga: ikani kachipangizo koyezera chinyezi m'chipinda chotentha kwambiri kwa masabata angapo m'chilimwe. Chikamakhala pansi pa 60 peresenti, nthaka n'kukhala yozizira, mawindo ali ndi zotchinga dzuwa kunja, passive ikukwanirani. Chikamapitirira kawirikawiri, kapena muli ndi zipinda za kudenga, tengani makina ochita zonse ziwiri: passive iziyamba, kompulesa izilowerera masiku ovuta okha.